Bargain Hunt, Antiques Road Trip ndi Dickinson's Real Deal: ndi iti imene idakali ndi nzeru?

Amene timapezeka pakhomo masana ku Britain kuno, kaya chifukwa cha shifiti yausiku, kaya chifukwa ntchito yathu ndi ya m'nyumba zosamalira okalamba momwe TV ya pabalaza sizimitsidwa, tikudziwa kuti 12:15 ikakwana pa BBC One, mu Bargain Hunt, pamatulukira anthu anayi, awiri atavala majuzi ofiira, awiri abuluu, ali yakaliyakali pakati pa matebulo odzaza mbale, mawotchi ndi tizidole takale. Imeneyo ikatha, ukapita pa ITV upeza a David Dickinson mu Real Deal akuyang'anira anthu akuwerengerana ndalama patebulo. Dzuwa likapendeka, mu Antiques Road Trip akatswiri awiri ali m'galimoto yamakedzana, kusaka katundu m'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono. Mukacheza ndi anthu amene aonera zimenezi kwa zaka 20, nyimbo yawo ndi imodzi: kale zinkakoma, pano kwangotsala phokoso ndi nthabwala zosaseketsa.

Dandaulo limeneli ndimagwirizana nalo, koma osati lonse, ndipo silikhudza mapulogalamu onse mofanana. Akatswiri a lero sikuti ndi osadziwa kuyerekeza ndi a kale. Chimene chachepa ndi nthawi imene chinthu chenichenicho chimapatsidwa, nthawi yoti munthu achitembenuze, atisonyeze pansi pake, atiuze amene anachipanga ndi chifukwa chake wina angachilipire £200 pomwe chinzake chofanana nacho n'cha £5. Ndiye ine poyerekeza ndimangofunsa zinthu ziwiri. Pulogalamu ikatha, kodi ndatolapo china choti chindithandize ndikaima pa car boot sale (msika umene anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'galimoto) Lamlungu m'mawa, kapena ndikalowa mu charity shop (shopu ya zakaunjika ya mabungwe othandiza anthu)? Nanga pa nkhani ya ndalama, akundiuza zoona?

Bargain Hunt ndi imene anthu amaidandaula kwambiri, komanso ndi imene saiphonya. Inayamba m'chaka cha 2000. Timu iliyonse imapatsidwa £300, ola limodzi ndi katswiri mmodzi kuti igule zinthu zitatu pa msika wa zinthu zakale, monga misika ikuluikulu ya ku Newark ndi ku Ardingly. Ndalama zotsala amapatsira katswiri uja kuti akagule chachinayi, chomwe timu ili ndi ufulu wochitenga kapena kuchikana. Kenako zonse zimapita ku okushoni. Wopambana ndi amene wapeza phindu lalikulu, koma masiku ambiri amakhala amene waluza pang'ono.

Kuluzako sikuchitika mwangozi, ndipo si kupusa kwa opikisana. Munthu amene wayala katundu pa msika wa ku Newark, zambiri anakazitenga ku okushoni komweko. Walipira malo, wathira mafuta m'vani, waikapo phindu lake. Timu ikugula kwa iyeyo pa mtengo wa kasitomala, n'kubwerera nazo kumene amalonda amakapikula. Zili ngati kugula malaya a kaunjika atachapidwa kale, atasitidwa, atapachikidwa mu shopu ya m'tauni, n'kupita nawo kumene anthu akutsegula belo kuti ukapezeko phindu. Zikatheka ndi mwayi chabe. N'chifukwa chake timu imene yapeza phindu pa zinthu zonse zitatu imalandira kabaji ka nyundo yagolide, ndipo anthu amakasangalalira kuposa ndalamazo.

Koma chimene chimandiwawa ine pa Bargain Hunt ndi masamu ake. Nyumba ya okushoni imadya mbali ziwiri. Wogula amaonjezera ndalama pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwerapo, m'malo ambiri kuposa 20 peresenti. Wogulitsa naye amadulidwa komishoni, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 20 peresenti, ndipo pamwamba pake pali VAT. Bargain Hunt siiwerengera zimenezi. Chinthu chagulidwa £40, nyundo yagwera pa £45, pa kanema alemba phindu la £5, anthu akumbatirana. Mukanakhala inu, komishoni ya 15 peresenti ikanachotsa £6.75, mukanatsala ndi £38.25 msonkho usanalowepo, ndiye kuti mwaluza. Munthu amene waonera pulogalamuyi zaka zambiri akhoza kupita ku okushoni ndi bokosi la mbale za malemu apongozi ake osadziwa n'komwe kuti kuli kudulidwa kotere.

Pa funso loti yatsika kapena ayi, apa odandaula ali ndi mfundo. Inayamba ndi a Dickinson, amene anaikometsa ndi masuti awo ndi pakamwa pawo. Mu 2003 anabwera a Tim Wonnacott, munthu amene anagwirapo ntchito yaikulu ku Sotheby's, nyumba yotchuka ya okushoni, ndipo anakhala mpaka 2016. Nthawi yawo pakati pa pulogalamu ankasiya matimu aja n'kulowa m'nyumba ina yakale kapena mu myuziyamu, n'kuima pa kabati imodzi mphindi zingapo, kufotokoza mtengo umene anapangira, mmisiri wake ndi mmene ungadziwire yachinyengo. Atachoka, BBC sinaike munthu mmodzi m'malo mwawo. Amasinthana a Charlie Ross, a Eric Knowles, a Natasha Raskin Sharp, a Christina Trevanion ndi ena. Onsewa ntchito amaidziwa, ndipo a Knowles pa nkhani ya zoumba ndi katswiri weniweni. Gawo lofotokoza mbiri lilipobe. Vuto ndi zimene anaonjezera. Tsopano timu iyenera kugula chinthu chimodzi cha £75 kapena kuposa, ndiponso china chogwirizana ndi chimene wotsogolera walamula, mwina chokhala ndi nyama, mwina chochokera kudziko lakutilakuti. Zotsatira zake anthu sakufunanso chinthu chabwino, akufuna chinthu chokwaniritsa lamulo nthawi isanathe. Kamera ili pa wotchi, pa anthu akuthamanga, pa katswiri akunamizira kukomoka. Mphika umene agula timauona masekondi ochepa.

Ubwino wa kafotokozedwe kakale ndinauona kwa gogo wina amene ndinkawasamalira. Maina a adzukulu awo ankawasokoneza, koma supuni ya tiyi ikaoneka pa TV ankakuwa kuti aitembenuze. Tsiku lina anandituma kuti nditenge kasupuni kawo mu dirowa, n'kundisonyeza ndi chikhadabo tizizindikiro tating'ono kumbuyo kwa chogwirira. Kamkango koyenda, anati, ndiye kuti ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000. Kanangula ndiye kuti anakayezera ku Birmingham. Ukaona mutu wa kambuku ndi ku London, linga la nsanja zitatu ndi ku Edinburgh. Chilembo chimodzi chili pambalipo chikunena chaka. Ukapeza zilembo EPNS usavutike, angopaka siliva pamwamba. Mayiwa sanagulitsepo zinthu zakale moyo wawo wonse. Zonsezi anaziphunzira pa mpando, masana, pa mapulogalamu omwewa. Ndikayang'ana Bargain Hunt ya lero ndimakayika ngati ingaphunzitse munthu choncho.

Chilungamo chake n'chakuti malamulo amawasunga. Mu 2018 anapanga pulogalamu yapadera ya oimba, a Jarvis Cocker ndi a Candida Doyle a gulu la Pulp kupikisana ndi a Bez ndi a Rowetta a Happy Mondays. Zitadziwika kuti chibwenzi cha a Bez chinali m'gulu la ogula ku okushoni n'kumagula katundu wa timu yawo, anawalanda chipambano, a Bez n'kubweza £8 imene anapata. Nkhani ya £8 inalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse. Ndi dziko lake limeneli.

Gawo limodzi la Bargain Hunt ndimalikwezera voliyumu mpaka lero. Ndi pamene wotsogolera amakhala pansi ndi woyendetsa okushoni, katundu ali patebulo, matimu kulibe. Woyendetsa okushoniyo alibe chifukwa chonyengerera aliyense. Amanyamula chinthu, amasonyeza pamene chinang'aluka n'kumatidwa, amanena kuti ichi n'chopangidwa posachedwa, ndiika £10 mpaka £20, pomwe timu inalipira £75. Mphindi zochepa zimenezo zili ndi nzeru kuposa pulogalamu yonse.

Antiques Road Trip inabwera mochedwerapo, mu 2010 pa BBC Two, n'kusamukira pa BBC One mu 2013. Imapangidwa ndi kampani ya STV ya ku Scotland. Kuno kulibe anthu wamba. Akatswiri awiri, m'kapangidwe kake kodziwika, ankayamba ndi £200 aliyense, kuyenda sabata yonse m'galimoto yakale, kugula m'mashopu n'kumagulitsa ku okushoni tsiku ndi tsiku, ndalama za dzulo kukhala mpamba wa lero. Phindu lomaliza limapita ku Children in Need, thumba la BBC lothandiza ana ovutika. Pa masamu imaposa Bargain Hunt kutali, chifukwa imachotsa ndalama za okushoni isanalengeze phindu. Umaona munthu wagulitsa zinthu zisanu, zitatu zaoneka ngati zapindula, koma akamaliza kudula wabwerera m'mbuyo. Ndi mmene zimakhalira.

Bodza lake lili pena, pa kunenerera. Katswiri alowa mu shopu, chinthu chalembedwa £120, iye atchula £40, mwini shopu akanda m'mutu, aseka, agwirana chanza. Inu ndi ine tikayesa zimenezo atisonyeza khomo. Mwini shopuyo akutsitsa chifukwa kamera ilipo, dzina la shopu yake litchulidwa pa BBC One ndipo ndalama zikupita kwa ana ovutika. Mwa amalonda a zinthu zakale amene ndacheza nawo, angapo amadandaula kuti makasitomala amabwera ataonera izi n'kumafuna theka la mtengo pa chilichonse. Kwa munthu wamba, kuchotseredwa 10 peresenti ndiye kozolowereka.

Komabe Road Trip ndi imene ili ndi nkhani zosaiwalika, chifukwa ogulawo ndi anthu a maso akuthwa. A Charlie Ross anagula njovu yadothi ya ku Staffordshire pa £8 n'kuigulitsa £2,700. A Anita Manning anagula kafano ka Buddha pa £50, kanapita pa £3,800. A Paul Laidlaw anapeza kamera yaing'ono yakale kwambiri ya ku France mu shopu ina ku Margate, analipira £60, nyundo inagwera pa £20,000. Ndipo a Laidlaw akagwira mendulo ya usilikali amakuuza nkhondo yake, gulu la asilikali ndi chifukwa chake dzina lolembedwa m'mphepete likukweza mtengo. Kwa ife obwera, pali phindu linanso: pakati pa ulendo amaima n'kufotokoza mbiri ya dera, migodi ya malasha, mafakitale a nsalu, madoko a nsomba. Malo ambiri a ku Wales ndi kumpoto kwa England ndinawadziwira pamenepa ndisanawapondeko.

Kutsika kwake kunaonekera nthawi ya Covid, pamene akatswiri anasiya kukhala m'chipinda cha okushoni n'kumaonera malonda pa tabuleti atakhala panja penapake. Panthawiyo zinali zomveka. Koma kukoma kwa okushoni ndi nkhope za anthu m'chipindamo, wina akugwedeza mutu kukana, wina akukweza dzanja mochedwa. Anthu awiri akuyang'ana kagalasi n'kumafuula sizifikapo. Onjezani nthabwala za m'galimoto zimene zimatalika chaka ndi chaka, ndi mawu a a Wonnacott, amene amafotokoza kuseri, akuseweretsa mawu pa chilichonse. Ena amazikonda. Ine theka lake likanandikwanira.

Dickinson's Real Deal ndi imene anthu odziona ngati ozindikira amainyoza, ndipo ndi imene ine ndingaiike patsogolo pa nkhani ya ndalama. Inayamba pa ITV mu 2006. Munthu abwera ndi katundu wake, wake weniweni, mwina mphete ya mayi ake, mwina wotchi imene yakhala m'kabati zaka 30. Akhala moyang'anizana ndi wamalonda amene akugula ndi ndalama za m'thumba mwake. Wamalondayo ayamba kuyala ndalama patebulo, £20, £40, £60, n'kuima. Mwini katundu asankhe: atenge zimenezi, kapena akayese mwayi ku okushoni. Kumbali kuli akatswiri oima paokha amene ayerekeza kale mtengo, ndipo a Dickinson akaona kuti munthu akuponderezedwa amalowererapo n'kumuuza wamalonda kuti aonjezere.

Apa palibe masewera a majuzi. Wamalonda amanena poyera kuti ayenera kusiya mpata wa phindu lake, ndipo pamapeto amatiuza kuti anakachigulitsa zingati, nthawi zina atadya bwino, nthawi zina ataluza. Amene wasankha okushoni timamutsatira, ndipo komishoni amaichotsa tikuona. Kangapo konse munthu wakana £100 ya patebulo, nyundo yagwera pa £110, wapita kwawo ndi ndalama zosafika £100 ija. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Komanso tsiku lina wokana uja amapeza kawiri kapena katatu, ndiye simunganene kuti njira yabwino ndi imodzi.

Ndi pulogalamu yokhayi imene inandiphunzitsa za golide. Wamalonda akalandira tcheni amayamba wayang'ana nambala: 375 ndi golide wa makarati 9, kutanthauza kuti golide weniweni ndi 37.5 peresenti yokha. 750 ndi makarati 18. 916 ndi makarati 22. Kenako amaika pa sikelo. Mtengo wa tsikulo wa golide wosungunula ndiwo poyambira, ndipo kukongola kwa tcheni nthawi zambiri sikuonjezera kanthu. Zimapweteka kumva, makamaka chikakhala cha malemu, koma munthu wodziwa zimenezi sangaberedwe pa shopu yogula golide.

Choipa chake n'chodziwika. ITV imadalira otsatsa malonda, choncho ola limodzi limadukaduka, ndipo akabwerera amayamba abwereza zimene taona kale. Pamwamba pa apo pali mpikisano wa owonera, woti mutumize uthenga wolipira pa foni kuti mwina mupate ndalama, ndipo amaulengeza mobwerezabwereza mpaka kutopetsa. M'nyumba za okalamba ndimaudana nawo kwambiri mpikisano umenewu, chifukwa anthu amene amakopeka nawo ndi omwe sayenera kutaya ndalama zawo. Mbiri ya chinthu nayonso saikhalira pansi. Kuno funso ndi limodzi, zingati. Mukaijambuliratu n'kumadumpha zotsatsazo, imatsala pulogalamu yaifupi koma yoona.

Imene inkagwira mbali zonse ziwiri inali Flog It!, ndipo ndi imene BBC inaithetsa. Inayamba mu 2002 ndi a Paul Martin. Anthu ankafola pa holo ya tauni kapena pa tchalitchi chachikulu ndi katundu wawo m'zikwama, katswiri n'kukhala nawo pansi, kufotokoza chinthucho modekha, kuyerekeza mtengo, n'kugwirizana mtengo wotsikitsitsa umene mwini wake angalole. Kenako ku okushoni, mwini katundu ndi katswiri ataima limodzi. Katswiri akalakwitsa, manyazi ankamugwira pamaso pa munthu amene anamukhulupirira. Panalibe wotchi, panalibe matimu. Maina a opanga zoumba ngati Clarice Cliff, Moorcroft, Troika ndi Beswick anthu ambiri anawadziwira pamenepa. Mu 2018 BBC inalengeza kuti ikuisiya, itadutsa magawo 1,000, ponena kuti ikufuna kupereka mpata kwa mapulogalamu atsopano. Zobwereza zake zimaonetsedwabe. Mitengo yake ndi yakale, musaidalire, koma mafotokozedwe ake sanakalambe.

Mwa zatsopanozo, The Bidding Room ya 2020, yotsogoleredwa ndi a Nigel Havers, inatengera pulogalamu ya ku Germany yotchedwa Bares für Rares. Katswiri amauza mwini katundu mtengo, kenako munthuyo amalowa m'chipinda momwe amalonda asanu amapikisana. Njoseketsa, njaulemu, koma zambiri zimene zimabwera ndi zokongoletsera m'nyumba, zikwangwani zakale, nyale za m'mafakitale, zidole. Chinthu chimatchedwa chamakedzana chikakwana zaka 100, ndipo zambiri za m'menemo sizinafike. Ndimaionera, koma sinditolapo kanthu.

Anthu akamati zatsika, muyeso umene ali nawo m'mutu ndi Antiques Roadshow, ngakhale kuti imeneyo si ya masana. Ndi ya Lamlungu madzulo, ndipo yakhalapo kuyambira 1979. Kumeneko sagulitsa kanthu, amangofotokoza ndi kutchula mtengo. Nayonso ili ndi oidandaula, amene amati chibwerere a Fiona Bruce mu 2008 nkhani za mabanja ndi misozi zachuluka kuposa zinthu. Ine apa ndimasiyana nawo pang'ono. Ndi a Bruce omwewo amene anazindikira kuti chithunzi chimene wansembe wina anagula £400 si chawamba, ndipo chitatsukidwa chinapezeka kuti n'cha Van Dyck, wojambula wotchuka wakale, cha mtengo wofika £400,000. Ndipo mu 2024, ku Cardiff, a Ronnie Archer-Morgan atapatsidwa chinthu cha mnyanga wa njovu chokhudzana ndi malonda a akapolo ku West Africa, anafotokoza mbiri yake yonse n'kukana kutchula mtengo. Pulogalamu ya masana, imene moyo wake ndi phindu ndi kuluza, singathe kuchita zimenezo.

The Repair Shop, imene inayamba mu 2017 ndipo imajambulidwa ku Weald and Downland Living Museum ku West Sussex, inachotseratu nkhani ya mtengo. Amisiri amakonza wotchi, mpando, chidole, chishalo cha hatchi, eni ake osalipira. Pamene a Steve Fletcher amasula wotchi n'kuyala tizitsulo take patebulo, chinthu chimapatsidwa nthawi imene ndikuidandaula ija. Koma nayonso itatchuka, mphindi za misozi zinayamba kudya mphindi za manja a mmisiri. Matendawa ndi amodzi: opanga mapulogalamu anatsimikiza mumtima kuti owonera sangapirire kuyang'ana chinthu, ayenera kuyang'ana nkhope.

Chifukwa china ndi ndalama, ndipo pamenepa sindiwaweruza kwambiri. BBC imayendera laisensi imene timalipira tonse oonera TV. Boma linaiimitsa pa £145.50 kuyambira 2010 mpaka 2017, n'kuiimitsanso pa £159 kuyambira 2022 mpaka 2024, mitengo ya zinthu ikukwera. Mu Epulo 2025 inafika £174.50. Masana ndi amene amayamba kumva kuwawa. Sewero la Doctors, limene linkaonetsedwa masana kuyambira 2000, linathetsedwa mu 2024 chifukwa cha kukwera mtengo kopanga masewero. Pulogalamu ya zinthu zakale njotchipa: msika umodzi ndi okushoni imodzi zimatulutsa magawo angapo, opikisana salipidwa ngati akatswiri a zisudzo, ndipo ukhoza kuibwereza zaka zambiri anthu osazindikira msanga. N'chifukwa chake zachuluka chonchi, ndipo nkhope zomwezo zimazungulira. Katswiri amene mwamuona 12:15 atavala chipewa mumupezanso madzulo akuyendetsa galimoto yakale. Kutopa kwina kumene owonera amakutcha kutsika ndi kukhuta chabe.

Msika nawonso unasintha, ndipo ili si vuto la TV. Mu 2000 wogulitsa pa msika ankadalira zimene zili m'mutu mwake ndi mabuku a mitengo, choncho munthu wodziwa ankatha kumupeza atagona. Lero aliyense ali ndi foni, amajambula chinthu n'kuona pa intaneti kuti chinzake chinagulidwa zingati sabata yatha. Okushoni ya m'tauni yaing'ono imaonedwa ndi ogula a ku America ndi ku China nthawi yomweyo. Mipando ndi makabati a matabwa odera a nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene kale anali msana wa malondawa, anagwa mtengo chifukwa nyumba za lero n'zazing'ono ndipo achinyamata sazifuna. Lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, linatseka malonda a zinthu zambiri za minyanga ya njovu, ndipo ife ochokera kumene njovuzo zinkaphedwa sitingalire nazo. Zotsala pa matebulo ndi zidole za m'ma 1970, zikwangwani ndi timiphika ta m'mafakitale. Owonera akale akaona katswiri akuyamikira chinthu chimene iwo anataya kudzala ali achinyamata, amapsa mtima, koma ndi zimene zikugulidwa.

Ndiye mnzanga amene wangofika kumene akandifunsa, ndimamuyankha molingana ndi chimene akufuna. Ngati ali ndi chinthu choti agulitse, aonere Real Deal sabata imodzi asanapite kulikonse. Ngati akufuna kudziwa dzikoli ndi kuona mmene diso la katswiri limagwirira ntchito, Road Trip, koma asakayese kunenerera kwake mu shopu. Ngati akufuna kuphunzira zinthu zenizenizo, asake zobwereza za Flog It! ndipo Lamlungu asaphonye Roadshow. Bargain Hunt ndi ya pamene ukusita kapena ukudyetsa munthu, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. M'chipinda chodzaza okalamba palibe pulogalamu ina imene imachititsa anthu amene sanalankhulane m'mawa wonse kuyamba kutsutsana za mtengo wa botolo la mafuta onunkhira.

BBC itandifunsa chosintha pa Bargain Hunt, sindingapemphe kuti a Wonnacott abwerere, kapena kuti majuzi aja atayidwe. Ndingapemphe kuti achotse lamulo la wotsogolera lija, mphindi zimenezo azipereke kwa woyendetsa okushoni ndi tebulo lake, ndipo polemba phindu pa kanema aziyamba achotsa komishoni monga amachitira anzawo a Road Trip. Matimu opambana angachepe, ndipo mabaji a nyundo yagolide angatsale ambiri mu dirowa.